Munthu Wanga Sanavalebe

Masewerawo anabwera ndi mzungu wina amene ankagwira ntchito kuchipatala ku Mua. Pobwerera kwawo anasiyira mnzanga buku lothothoka chikuto ndi kathumba ka madayisi, ena a mbali zambirimbiri. Mnzangayo tinakulira limodzi ku Mtakataka, sukulu tinayambira limodzi. Iye anapitiriza. Ine ndinatsikira pa folomu wanu nditamenyana ndi mnyamata wina polimbirana mpando, ndipo atandiuza kuti ndikaitane makolo sindinabwererenso. Ndinakalowa ntchito yokhoma mbaula ndi zidebe pa Golomoti.

Ukasiya sukulu anzako sakukana ayi. Amangoyamba kuseka nkhani zimene iwe sunazione. Chimene chinkandikhazikabe pakati pawo chinali masewera aja. Lamlungu masana ndinkabwereka njinga ya abwana n'kupalasa mpaka kwawo, malaya ali chonyowa.

Kasewereredwe kake kanali kotere. Mnzanga anali mwini nkhani: ankafotokoza dziko, njira, zilombo zobisala. Enafe aliyense anali ndi munthu wake wongopeka. Ukanena chimene munthu wako akufuna kuchita, umaponya dayisi, dayisiyo n'kugamula ngati zatheka. Tebulo lathu linali chitseko chakale chogonekedwa pa njerwa pansi pa mtengo wa masau, anthu athu anali zitsekerero za mabotolo. Tinalipo anayi: mwini nkhani, mlongo wake, mwana wa asodzi wina wa kumunsi kunyanja, ndi ine. Amayi awo poyamba ankati ndi njuga, mpaka anaona kuti dzuwa limapendeka popanda wopambana.

Munthu wanga woyamba anali msilikali. Anafera pa mlatho chifukwa chimphona china chinamunena kuti ndi wamfupi, ine n'kumulamula kuti achilumphire. Anzanga anaseka mpaka kugubuduka. Ndinafunika munthu watsopano.

Nthawi imeneyo n'kuti mnzanga atakhoza folomu folo, atapezanso malo kusukulu ya zaunamwino ku Blantyre. Anatiuza akusanja zitsekerero, osatiyang'ana.

"Yatsala nkhani imodzi. Phanga lija la kuphiri. Uyu akangomaliza kuveka munthu wake, tilowa, timalize ndisanapite."

Munthu amene anandipatsa bukulo linkamutcha duruwidi. Ife tinkangoti wam'nkhalango. Amayankhula ndi nyama, mitengo imamumvera, amatha kusanduka kambuku. Ndinamukonda pomwepo. Kenako mnzanga anafunsa chovala chodzitetezera pankhondo, ine n'kuti chitsulo, kuyambira kumutu mpaka kuzidendene.

"Sizitheka, aise. Wam'nkhalango savala chitsulo. Akangovala, nyama zimasiya kumumva."

"Wanena ndani?"

"Buku."

"Bukulo linakhomapo mbaula? Ine sabata yonse ndimagona ndi chitsulo, koma agalu a pa Golomoti amandidziwa onse."

"Amakudziwa chifukwa umawagenda," anatero mlongo wake. Munthu wa iyeyo ndiye anali wovala zitsulo zonyezimira, ndipo ankachedwa nazo dala pozifotokoza kuti zindipweteke.

Tsiku limenelo sitinasewere. Tinangokangana mpaka nkhuku kuyamba kulowa. Pobwerera ndikupalasa, ndinadabwa kuti mtima uli mbee. Phanga sitinalowe. Ndiye kuti Lamlungu lina likadalipo.

Lamlungu lotsatira mnzanga anabwera ndi chikopa cha ng'ombe, chouma gwa ngati zishango za gule wa ngoma. Ndinakana, ndati munthu wocheza ndi nyama sangavale mnzake wakufa. Mwana wa asodzi anati ndiye chikopa cha ng'ona, poti ng'ona si mnzake wa aliyense.

"Wallahi, muvi ungonjanja pamenepo. Ukalowa m'mudzi ana onse balala."

"Ndiye ndizinunkha chithaphwi?"

"Panopa umanunkha dzimbiri, sitinadandaulepo."

Anabweretsa chigoba cha fulu. Ndinati ndizioneka ngati mphika woyenda. Anabweretsa mabango olukana, ndati amenewo ndi mphasa, mdani akandigwetsa andigonera. Mnzanga sankatopa. Lamlungu lililonse ankabwera ndi chatsopano, ankachifotokoza bwinobwino, kulemera kwake, mmene chimalirira ukamathamanga. Ine ndinkamvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kukana. Pakati pa mikanganoyo tinkadya masau, tinkajedana, mwana wa asodzi ankatiuza za bwato lawo lothonya. Munthu wa mlongo wake ndi wa msodziyo ankangokhala pakhomo pa phanga, kuyembekeza wanga avale.

Cha mlambe anachitchula ndi amayi awo, akudutsa ndi lichero. "Mwana ameneyu mumuveke khungwa la mlambe basi, muzipita kwanu. Ukausenda umameranso lina, ngati mkamwa mwake muja." Tinaseka tonse. Mumtima ndinadziwa kuti ndi chimenechi. Milambe ya m'mbali mwa msewu wathu ili ndi zipsera kumene anthu anasenda luzi, koma yaimabe. Chovala choti mdani akaching'amba chidzimerera chokha! Ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinangoti ndikaganiza.

Mlongo wake ndiye anatopa. Lamlungu lomaliza chikwama cha mchimwene wake chinali kale pakhonde, bulangete litamangidwa pamwamba. Nditayamba zanga zija, anamenya chitseko ndi dzanja.

"Iwe sukufuna chovala. Ukufuna achimwene asapite. Tanena zoona, tisewereko lero lokha."

Ndinaimirira, ndinakankha chitseko chija ndi phazi. Zitsekerero zinamwazika, madayisi anagubuduka m'fumbi, nkhuku n'kuwathamangira. Ndinawauza kuti masewera awo ndi a ana asukulu, ine ndili ndi ntchito. Mnzanga anangogwada n'kuyamba kutola. Ndinakwera njinga osatembenuka, ndipo nditafika pa Mua ndinaima pansi pa mlambe wina nthawi yaitali, ngati tcheni chaduka.

Sindinapite kukatsanzika. Koma minibasi yopita ku Blantyre imadutsa pa Golomoti, ndipo imaima kudikira anthu pafupi ndi pamene tinkakhomera. Tsiku limene anapita ndinakhala chofulatira msewu, ndikumenya lata mwamphamvu kuposa mmene linkafunikira. Kenako ndinamva mawu ake pamwamba pa anyamata oitanira minibasi ndi amayi ogulitsa nthochi.

"Wam'nkhalango!"

Anali atatulutsa mutu pazenera, chikwama chili pamiyendo. Ndinapita hamala ili m'manja.

"Wasankha?"

Yankho linali pamlomo. Ndikanangoti mlambe. Koma ndinaona kuti ndikanena, munthu wanga avala, ndipo ngakhale osalowa m'phanga nkhaniyo ikhala ngati yatha.

"Ndikuganizabe."

Anandiyang'ana, kenako anaseka kuseka kwake kuja kotseka maso. "Ganiza bwino, aise. Chitsulo chokha ayi." Anatulutsa dzanja n'kundiponyera dayisi ija ya mbali zambiri, ikadali ndi fumbi m'timizere ta manambala. "Usunge. Ukasankha tidzalowe." Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kunyamuka.

Papita zaka. Iye ali ku Blantyre komweko, amagwira usiku ndi usana, kumudzi amabwera pamaliro pokha. Mlongo wake anakwatiwa ku Salima. Mwana wa asodzi ndimamuona mwa apo ndi apo atanyamula dengu la usipa, amandikuwira ali patali kuti munthu wake miyendo yatupa ndi kuima pakhomo pa phanga. Chitseko chija anachibwezera pa khola la mbuzi.

Nthawi zina foni imalira ndili pakati pa ntchito. Mnzanga safunsa za umoyo, safunsa za malonda. Amangolemba kuti, "Wasankha?" Ine ndimapukuta manja pa buluku, ndimayang'ana mlambe wa kutsidya kwa msewu, umene khungwa lake lameranso pamene anasenda chaka chatha, ndipo ndimayankha kuti ndikuganizabe.