Maikulosikopu Yobwereka ya aNyaMsiska

Ndawadziwa Mayi Leticia Msiska, amene kuno ku Vinthukutu timawatchula kuti aNyaMsiska, kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo bodza lawo ndikudziwapo limodzi lokha.

Iwo amaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno. Labu palibe. Mtima, mapapo, ngakhale moto wotenthetsera mankhwala, zonse amajambula pabolodi ndi choko. Asidi amafinya ku mandimu, fanulo amadula ku botolo lapulasitiki. Ana amawaseka kuti tsiku lina madamu adzajambula chambo n'kuwauza kuti adye.

Chaka chatha kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera ku koleji ina yosula aphunzitsi, kudzachita kafukufuku wa momwe sayansi ikuphunzitsidwira kumidzi. Ahedi, a Chakufwa Mhango, anaitanitsa komiti, ndipo onse anagwirizana kuti mlendo samuonetsa nkhokwe yopanda kanthu. Paukwati mbale zimabwerekedwa, nanga zipangizo zalakwanji? ANyaMsiska anayesa kukana, koma mawu awo anamira. Anakwera kabaza kupita kusukulu ina ku Chilumba, nabwerako atafungatira maikulosikopu ngati khanda, katoni ya machubu agalasi itamangidwa pakaliyala.

Alendo anapeza tebulo lodzaza. Mtsogoleri wawo, a Ambokile Mwakalinga, anafunsa ngati ana amazigwiradi zipangizozo. ANyaMsiska anayang'ana ahedi, nayankha kuti sabata iliyonse. Alendowo anajambula mtsikana wa Fomu 3, Febby, akusuzumira mu maikulosikopu, ndipo m'mawa mwake katundu anabwerera kwa eni ake.

Chimene komiti sinkadziwa n'chakuti kafukufukuyo ankafuna kupeza sukulu zopanda kanthu kuti zilandire zipangizo. Mabokosi atafika anapita kusukulu ya ku Mlare ndi kwina. Ya ku Vinthukutu anaidumpha, poti inali nazo kale.

Chaka chino Febby ndi anzake ali Fomu 4, ndipo pamayeso adzafunika kugwira ndi manja zinthu zimene angoziona pabolodi. Tsiku lina Febby anatsalira m'kalasi nafunsa kuti, "Madamu, mu maikulosikopu muja munali chiyani? Ine ndinangoona mdima." ANyaMsiska anamva ngati awathira madzi ozizira. M'mawa mwake analonjeza kalasi yonse kuti palibe amene adzalowe m'mayeso asanaonemo ndi diso lake.

Anabwerera ku Chilumba, koma anawauza kuti ana awo nawonso akukonzekera mayeso, komanso chubu chimodzi chinabwera chosweka ulendo uja. Ku Mlare anati katundu wa mphatso satuluka pageti. Atapempha ahedi kuti akanene zoona kwa alendo aja, ahediwo anafunsa ngati akufuna sukulu yonse ivulidwe pagulu. ANyaMsiska anaonda, malaya akuchita kuwakhwepa.

Kenaka ochita kafukufuku aja anaitana aphunzitsi ku boma kuti akamve zomwe anapeza. Pakhoma anaonetsa chithunzi cha Febby monga chitsanzo cha sukulu yakumudzi yochita bwino, anthu n'kuwomba m'manja. ANyaMsiska anaimirira.

"Bwana, chipangizo chimenecho si chathu. Ndinabwereka ndine, ndinanamanso ndine. Mwanayo sanaonemo kanthu."

Ahedi anatola chipewa natuluka. A Mwakalinga anati zimenezi zaononga zomwe analemba ndipo adzazikonza poyera, koma mabokosi anatha. Chomwe anatha kuchita n'kugwirizana ndi a ku Mlare kuti maikulosikopu imodzi izituluka Lachisanu madzulo n'kubwerera Lamulungu.

Ndiye Lachisanu lililonse aNyaMsiska amakwera minibasi kukaitenga, n'kubwera nayo atayikulunga m'chitenje. Ahedi sawapatsanso moni, ndipo ena a komiti akuti mayiyu anatigulitsa. Loweruka ana amaima pamzere ndi kachikopa ka anyezi. Febby ataonamo anati zikungokhala ngati njerwa za khoma, ndipo anzake anachita kumukankha kuti awapatse mpata.

Koma si onse abwera. Alipo amene Loweruka makolo amawatengera kumpunga, alipo okhala kutsidya kwa mtsinje umene ukadzaza sawoloka. Mayeso ndi mwezi wamawa. ANyaMsiska ayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti awabwereke ana awo kwa m'mawa umodzi wokha, chifukwa anati onse, ndipo onse sanakwane.