Apongozi Anadula Paipi ya Mabuleki

Landirani moni wanga waulemu, owerenga. Mkulu wina, makaniko wa pamsewu wathu mumzinda wa Gabrovo, salonjera munthu asanasuzumire kunsi kwa galimoto yake. Amakwiya kwambiri ndi eni magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi omwe. "Poti magetsi amakuchepetserani liwiro, mabuleki mwawaiwala!" amakalipa motero.

Loweruka lina mkamwini wawo, Tsvetan, anakweza ana m'galimoto kuti akadutse nawo phiri. Mkuluyo anasuzumira kunsi kwa galimotoyo, napeza paipi ya mabuleki itachita ming'alu.

"Bambo, tidzasintha tikabwerako," anatero Tsvetan.

"Ukabwerako m'bokosi? Anawa si ako wekha, chitsiru iwe, ndi adzukulu anganso!"

Anasolola mpeni nadula paipiyo. Ulendo unathera pomwepo, ndipo awiriwa sayankhulana mpaka lero.

Chonde kumbukirani ichi chokha: paipi ya labala imaola ngakhale mabuleki akugwirabe bwino.