Pakona Pomwe Ababa Ankaimapo

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe ndinakankha galimoto ya ababa pakati pa msika wa Zomba, mavenda akundiwombera m'manja. Galimotoyo ndi yakalekale, yakuda, ya magiya osintha okha. Ababa anali dalaivala wa bwana wina wa m'boma, ndipo bwanayo popuma ntchito anawasiyira. Ankanyamulira akwati kuchokera kutchalitchi kupita nawo pamwamba pa phiri kukajambulitsa. Ine ndinali wokankha. Titafika kunyumba ku Chikanda ndinati, "Ababa, ine ndikupita kukafuna ntchito. Sindingakalambe ndikukankha chiphapha ichi."

Ababa anayankha kuti, "Chiphapha chimenechi n'chomwe chakuphunzitsa sukulu, Limbani." Tsiku lonyamuka sanandiperekeze kudepoti. Zinandiwawa, ndipo ndinadziwa kuti nanenso ndawapweteka.

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka zitsulo pagalaja ina. Abale, dziko ndi lanthabwala! Ndinathawa chiphapha chimodzi n'kukapeza galaja yokonza ziphapha zokhazokha, anthu achuma akuzipukuta ngati ana obadwa kumene. Mwini galajayo, mdala waukali koma wodziwa ntchito, anandiphunzitsa umakaniko. Ndalama ndinkatumiza kumudzi, denga la amayi linasiya kudontha. Koma kusungulumwa kunalipo, ndisaname. Palibe ankanditchula dzina, onse ankangoti "Malawi". Lamulungu lililonse ndinkakhala m'kachipinda kanga kamalata n'kujambula mawu pafoni, kuwatumizira ababa: za kuzizira kwa mu Juni, za dzino lomwe linandivuta, za injini yoyamba yomwe ndinamasula ndekha. Amayi ankayankha zambirimbiri. Ababa ankangolemba kuti, "Tamva." Zaka zisanu ndi chimodzi, liwu limodzi lomwelo. Ndinkati sanandikhululukire.

Kenaka amayi anatumiza uthenga woti galimoto yatopa. Vuto lake linali lakale: ikamakwera phiri, oyilo wa m'giyabokosi ankatentha, magiya n'kuyamba kuterereka. Ababa ankaima pakona ina pakati pa chitunda kudikira kuti azizire, akwati ali tayale kumbuyo. Tsopano zinali zitanyanya, akwati ayamba kufuna galimoto zatsopano, ndipo ogula zitsulo anali atabwera kale kawiri. "Abambo akowa sakudya bwino," amayi anatero.

Ndinamufotokozera mdala uja. Anati mankhwala ake ndi kaladiyeta kena kapadera koziziritsa oyilo wa giyabokosi. Ine ndi mtima wanga wofuna kuonetsa ndinaloza chachikulu kupambana zonse. Anandimenya ndi chisanza paphewa. Chachikulucho, akuti, chitseka mphepo ya ladiyeta ya injini, ndiye upoletsa magiya n'kuwotcha injini. Ka paipi yopindapinda anakananso, poti galimoto yokwera phiri imayenda pang'onopang'ono, mphepo imachepa. Tinasankha kapakatikati, ka timbale tosanjikizana. Ndinakakulunga m'bulangete n'kukafukata pamiyendo ulendo wonse wa pabasi, moti mayi yemwe ndinakhala naye anafunsa ngati ndanyamula khanda.

Kunyumba amayi analira. Ababa anangondipatsa dzanja. M'mawa mwake ndinatsegula boneti pansi pa mtengo wa mango, iwo atakhala pampando wandalema. Ndinamanga kaladiyetako kutsogolo kwa ladiyeta yaikulu, n'kusiya mpata wa chala chimodzi. Kenaka ndinaima. Kuchokera ku giyabokosi kumabwera mapaipi awiri, ndipo kaja kamalumikizidwa pa yobweza oyilo. Ndinatenga makiyi kuti ndilize injini ndimve yomwe itenthe msanga, poti yobwezayo imatentha mochedwa.

"Yapansiyo ndiye yobwerera," anatero ababa, osadzuka n'komwe. "Yapamwambayo yandiwotcha zala zaka makumi atatu."

Sanalakwitse. Ndinadula, kulumikiza, kumanga zolimbitsira, kukhetsa oyilo wakale wonunkha ngati nyemba zopserera n'kuthira watsopano wofiira. Potsiriza ndinangoona ababa ali pambali panga, akundipatsa sipanala ndisanaipemphe.

Masana tinayamba kukwera phiri, ine pachiwongolero. Tinadutsa nyumba zakale za boma, kulowa m'nkhalango ya mitengo ya paini. Galimoto inkasintha magiya mwakachetechete, fungo lopserera kulibe. Titafika pakona ija ndinaponda mafuta monyadira kuti aone.

"Ima."

"Ababa, sinatenthe ayi. Imvani mmene ikukokera!"

"Ndati ima."

Ndinaganiza kuti amva china chomwe ine sindinamve. Ndinakhotera pambali, pomwe amayi anayi ankagulitsa masitiroberi m'timabasiketi. Mmodzi, wovala mpango woyera, anadzuka n'kusuzumira pawindo la ababa.

"Iii, a Ndembo! Ndi ameneyu wa ku Joni uja?" Anatembenukira kwa ine. "Nanga dzino lija linasiya, bambo? Tinawauza abambo anuwa mankhwala ife, kaya anakufikitsirani."

Mayiyo, a Asiyatu, anaseka n'kuitana anzawo. Onse ankandidziwa. Ankadziwa za kachipinda kamalata, za mdala waukali, za injini yanga yoyamba. Akuti nthawi zonse galimoto ikaima kuti izizire, ababa ankatulutsa foni n'kuwayatsira mawu anga, ena kawirikawiri mpaka akwati kuwaloweza. "Tsiku la injini lija anagula masitiroberi onse n'kugawira aliyense wodutsa," anatero a Asiyatu. "Akuti mwana wanga ndi makaniko tsopano."

Ndinayang'ana ababa. Iwo anali kalikiliki kupukuta galasi lomwe linali loyera kale. Ndinalira, munthu wamkulu ndevu pepeya, pamaso pa amayi ogulitsa zipatso.

Ku Joni sindinabwererenso. Ndinatsegula kagalaja kanga ku Chikanda, ndipo ogula zitsulo aja atabweranso amayi anawathamangitsa ndi tsache. Galimoto ikunyamulabe akwati, imakwera phiri lonse osapuma. Tsiku lija tikunyamuka pakonapo ndinawafunsa ngati ntchito yanga yawasangalatsa.

"Chitsulo chakocho n'chabwino," anatero. "Koma chandilanda chifukwa choimira pano."

Choncho timaimabe. Akwati akafunsa, ababa amati tikudikira oyilo azizire, ine n'kutsegula boneti kuti bodza lawo lioneke ngati loona.