Kalata ya Woweruza Ndinaitayipa Ine

Ndinabwera ku Lilongwe pa lole ya boma, nditakhala pamwamba pa mabokosi a mafayilo, taipilaita nditaikumbatira kuopa kuti ingagwe. Inali nthawi imene maofesi ankasamuka ku Zomba, ndipo ife otayipa makalata ankatinyamula limodzi ndi makabati. Nyumba sinapezeke, choncho ndinkakhala ku Area 4 kwa achimwene anga. Iwo anali mlonda ku Area 11, pa nyumba ya mkulu wina wa ndale imene inali isanathe kumangidwa. Ankalondera simenti, malata ndi mafelemu a mawindo.

Ofesi yathu ndi imene inkakonza makalata osankhira oweruza milandu. Mzinda unkakula, milandu inkachuluka, ndiye pankafunika woweruza watsopano pa khoti lina la kutauni yakale. Komiti ya anthu atatu inafunsa anthu mafunso masiku awiri, ndipo inasankha bambo wina wa imvi amene anaphunzira malamulo ndi kugwira ntchito m'makhoti zaka zambiri. Kalata yawo ndinaitayipa Lachinayi, ndi kuiika m'fayilo.

Lolemba bwana wanga anandiitana. Fayilo ija inali patebulo, dzina la bambo aja litakhwatchidwa ndi inki yobiriwira, pamwamba pake patalembedwa lina.

"Mutayipenso," anatero bwanawo.

"Bwana, awatu sanabwere ku mafunso."

"Ndakufunsani zimenezo?"

"Ayi, koma zimene komiti inagwirizana zalembedwa kale."

"Zimenezonso mutayipenso. Tsiku musasinthe." Anayang'ana kuchitseko, ndi kutsitsa mawu. "Mayi, dzinali lachokera kumtunda. Ine ndili ndi ana kusukulu."

Dzinalo ndinkalidziwa. Anali mlamu wa mkulu uja amene achimwene ankamulondera nyumba. Anali ndi golosale ndi malole awiri onyamula mchenga, koma buku la malamulo sindikhulupirira kuti analitsegulapo. Ndinabwerera pampando wanga, ndinaika pepala ndi kaboni, ndinatayipa. Sindinalakwitse ngakhale chilembo chimodzi, ndipo zimenezo zimandinyansa mpaka lero.

Patapita miyezi ingapo, matumba a simenti anasowa pa nyumba ya ku Area 11 ija. Apolisi anadzawatenga achimwene m'mawa akutsuka kumaso, mkazi wawo ali ndi mwana kumsana. Nditakawaona kupolisi anandiuza mmene zinakhalira. Lole inabwera dzuwa lisanalowe, dalaivala anawapatsa kakalata koti simenti ipite ku puloti ina, iwo anatsegula geti. Loleyo inali ya mlamu uja. Ndipo mlanduwo unapita kwa mlamu yemweyo.

Tsiku la mlandu ndinanama kuofesi kuti ndikupita kuchipatala. M'khotimo munali fumbi ndi fungo la thukuta, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Loya sankaloledwa m'khoti limenelo. Woweruzayo anakhala pampando wautali atavala suti yatsopano, akuseweretsa cholembera.

"Iwe, simenti unaipititsa kuti?" anafunsa.

"Inanyamulidwa ndi lole yanu, bwana," achimwene anayankha. "Dalaivala wanu ndi amene anandipatsa kakalata."

Mlembi wa khoti anasiya kulemba.

"Ukunyoza khoti?"

"Sindikunyoza, bwana. Ndikuyankha zimene mwandifunsa."

"Kakalatako kali kuti?"

"Apolisi anakatenga."

Wapolisi anaimirira ndi kunena kuti sanakaonepo. Dalaivala sanaitanidwe. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, achimwene anali atapatsidwa zaka zitatu, ndipo woweruzayo anawonjezera mawu oti alonda osakhulupirika akubwezera m'mbuyo ntchito yomanga likulu.

Ndinatuluka m'khotimo. Ndinayenda wapansi kuwoloka mlatho mpaka kuofesi, ndinalowa kwa bwana osagogoda.

"Munthu uja munati nditayipe dzina lake wamanga achimwene anga pa simenti imene anatenga yekha."

Bwanawo anatseka chitseko. "Pepani, mayi. Koma zimenezi musakazinene panja. Mungawatsatire achimwene anuwo."

Ndi zokhazo zimene anali nazo. Ndinafunafuna bambo a imvi aja, ndipo ndinawapeza pa depoti ya basi atamanga katundu, atawasamutsira ku boma lina lakutali. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatsamiritsa pepala pa sutikesi ndi kundilembera kalata ya apilo ndi dzanja lawo. Ndinaitayipa bwinobwino, ndinakaipereka. Yankho silinabwere.

Achimwene anatuluka ali ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Ntchito ya ulonda palibe anawapatsanso, ndiye anabwerera kumudzi. Ndinakawaona kumeneko ndi kuwaululira za kalata ya woweruza ija, ndikuyembekeza kuti andikalipira.

"Chemwali, ukanakana akanatayipa wina," anatero.

Sananame, koma mawuwo sananditonthoze. Ngati zinali choncho, ndiye kuti panalibe munthu ngakhale mmodzi panjira yonseyo woti akanaimitsa dzinalo, kuyambira pa amene anagwira inki yobiriwira mpaka pa ine.

Masiku ano ndimamva pa wailesi akutsutsana zosintha kasankhidwe ka oweruza. Ena amati ndi nkhani ya maloya, anthu wamba siikutikhudza. Ndimafuna kuiphwanya wailesiyo. Amene amakaima pamaso pa woweruza ndi mlonda, osati loya. Ine zofuna zanga n'zochepa. Ntchito ilengezedwe, mayina a opikisana aikidwe poyera, mafunso afunsidwe chitseko chili chotsegula, ndipo wokhwatcha dzina asayinire ndi kulemba chifukwa chake.

Woweruza uja anapuma pantchito mwaulemu. Ndinakumana naye kamodzi pa ukwati wina ku City Centre, achimwene atamwalira kale. Anali atakalamba, akuyendera ndodo, anthu akumugwadira ndi kumutchula kuti ajaji. Atafika pamene ndinakhala anatambasula dzanja.

"Tinaonanapo, mayi?"

"Eya," ndinatero. "Kalata yanu ya ntchito ndinatayipa ine. Ku mafunso simunabwere."

Dzanja lake linakhala m'malere. Mdzukulu wake anamukoka mkono, ndipo anapita naye pa tebulo lina.