Chaka Chomwe Tinkadikira Njinga ya Ahedi

Fungo la kachewere wongokumbidwa kumene, lija la dothi lakuda lonyowa, limandibwezera ku dimba lathu la ku Kaphuka, m'chaka chimene achemwali anga a Sesiliya analemba mayeso a Sitandade 8 kachitatu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Dimbalo linali kumunsi kwa mudzi, m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa, ndipo m'mawa wa mwezi wa Julaye nkhungu inkagona m'menemo mpaka dzuwa litakwera. Tinkatsetserekera kumeneko titadzikulunga m'zitenje, zala zakumapazi zitachita dzanzi, milomo itang'aluka ndi chisanu. Madzi a pachitsime ankaluma m'manja ngati ali ndi mano.

Masiku amenewo kukhoza mayeso kunali kwina, kusankhidwa kupita ku sekondale kunalinso kwina. Masukulu a sekondale anali ochepa, ndipo pasukulu yathu chaka chinkatha kudutsa popanda ndi mmodzi yemwe wosankhidwa. Amene watsala ankabwereza, mwakuti m'kalasi la Sitandade 8 munkakhala anyamata ometa ndevu, mawu awo a besi ngati madoda. A Sesiliya anali atakhoza kawiri konse, koma dzina lawo silinkatuluka. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, aatali kuposa amayi, ndipo yunifolomu yawo anali ataiwonjezera nsalu m'munsi, ya mtundu wosiyana pang'ono. Anthu ankadandaula za kuchepa kwa malo, koma chamumtima kapena m'nyumba, pakuti zinali zaka zoti munthu ankayamba wacheuka uku ndi uku asanatchule chilichonse chokhudza boma.

Atate, a Damiano, anali mkamwini. Kwawo kunali kutsidya kwa Linthipe, ndipo anabwera m'mudzi mwa amayi ali mnyamata. Anali munthu wochepa mawu, wamfupi, wa zikhatho zolimba ngati chikopa, ndipo chipewa chawo cha mlaza ankachivula m'tchalitchi mokha ndi pamaso pa akulu. Sukulu anailekera m'makalasi oyambirira. Amayi sanapondeko n'komwe, komabe ndiwo ankayang'anira za kuwerenga kwa achemwali. Miyezi yonse ya mayeso isanakwane anawachotsa pamtondo ndi kuchitsime, ntchito zonsezo n'kumagwira okha, ndipo mabuku a achemwali ankawanyamula ndi manja awiri ngati mbale ya chakudya cha mlendo.

Mayeso atatha, mu Ogasiti, mapichesi a pakhomo pathu anachita maluwa ofiirira masamba asanaphuke, njuchi n'kumalira m'mitengomo tsiku lonse. Ndi nthawi imeneyo pamene amalume, a Venansio, anabwera Lamulungu lina titaweruka ku Misa. Iwowo anali mlongo wamkulu wa amayi, mwini mbumba, ndipo nkhani ya ukwati wa mwana aliyense wa m'banja mwathu inkathera pakamwa pawo. Sanali munthu woipa. Ankatibweretsera nzimbe, ndipo maliro akagwa ndiwo ankayamba kugwira khasu kumanda. Tsikulo anakhala pampando wa atate, n'kunena kuti mnyamata wina wogwira ntchito yocheka matabwa ku Dedza wafunsira mbeta. Anati ndi mnyamata waulemu, wopemphera, wosamwa, ndipo mtsikana sangakalambire pa benchi ya sukulu anzake onse ali ndi ana kumsana.

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikusenda nsawawa, ndipo ndinamva atate akuyankha motsitsa mawu.

"Tamva, alamu. Koma tiyeni tidikire kaye zotsatira."

"Tidikira," anatero amalume. "Koma dzina likapanda kutuluka, tisavutanenso."

Kuyambira tsiku limenelo, nyumba yathu inasanduka ya anthu odikira. Zotsatira zinkabwera ndi ahedi, aphunzitsi aakulu a sukulu yathu, amene ankakazitenga ku boma pa njinga yawo yakuda. Njingayo inkalira kwii, kwii, ikamatsetsereka pamtunda wa kumapaini, ndipo mudzi wonse unkaidziwa. Ikangomveka, amayi ankaimika musi m'mwamba, n'kutchera khutu. Anafe tinkathamangira kumsewu kukaona chimene chamangidwa pa kaliyala. Tsiku lina chinali choko, tsiku lina botolo la palafini, tsiku linanso nkhuku yomangidwa miyendo. Ahedi ankangotipukusira mutu, n'kupitirira.

Mphekesera nazo sizinkatha. Wina wochokera kumsika wa Chimbiya ankati zotsatira zatuluka ku Lilongwe. Wina ankati zafika ku boma koma akuzisunga. Mayi wina wogulitsa tomato analumbira kuti mwana wa mchemwali wake ku Ntcheu wayamba kale kusokeredwa yunifolomu. Amayi ankamva zonsezi, n'kubwera nazo kunyumba pamodzi ndi mchere ndi sopo, ndipo atate ankangoti, "Tiona." Komabe atate omwewo anasintha njira ya kudimba. Anasiya yachidule ya m'nthochi, n'kumazungulira kusukulu, ati kukaona ngati mlatho wa mitengo sunawole. Ankapereka moni kwa ahedi, kufunsa za ana ndi za mbuzi, n'kuima pang'ono ngati pali chotsala, kenaka n'kutsanzika osafunsa chimene abwerera.

Amayi kudikira kwawo kunkaonekera m'manja. Ndiwo zina ankathira mchere kawiri, zina osathira n'komwe. Kolona yawo ya mikanda yakuda, imene kale inkakhala pamsomali, tsopano inkayenda nawo pa mfundo ya chitenje, ndipo ndinkawaona milomo ikugwedezeka akupeta ufa. Madzulo ena mayi ake a mnyamata wa matabwa uja anatumiza mtanga wa nyemba. Amayi anaulandira mwaulemu, anathokoza, n'kuuika pamwamba pa denga la khitchini, osaphikako ngakhale kamodzi. A Sesiliya nawo anasiya kuimba kwaya. Ankalawirira kudimba ndi kheni, kuthirira kabichi ndi kachewere mzere ndi mzere mpaka msana utauma, ndipo akabwera ankadya pang'ono n'kukagona chafufumimba. Nkhani ya mayeso sinkatchulidwa pamphasa ya chakudya, koma inkakhala nafe pomwepo ngati mlendo wosatsanzika.

Chisanu chinatha, kunja kunayamba kutentha. Mapiri anada ndi lupsa, phulusa la udzu n'kumagwera pa ufa woyanika. Lachisanu lina la kumayambiriro kwa Okutobala, dzuwa litapendeka, tinamva chitsulo cha kusukulu chikulira, pamene sukulu inali isanatsegulidwe. Amayi anasiya lichero pansi, nkhuku n'kuliunjirira, iwo osacheuka. Atate anatulukira kuchokera kukhola akupukuta manja m'kabudula. A Sesiliya anakana kupita. Anatenga kheni yawo n'kulowera kudimba, ndipo ine ndinatsatira makolo, ndikuthamanga kuti ndiwapeze.

Pabwalo la sukulu panali patadzaza kale makolo, ena ali ndi makasu paphewa. Ahedi anaima pakhonde la ofesi yawo, navala magalasi, nayamba ndi maina a okhoza. Dzina la achemwali linamveka koyambirira ndithu, ndipo ine ndinalumpha, koma amayi anandigwira phewa mondikhazika pansi. Kenaka ahedi anatsokomola, n'kunena kuti osankhidwa kupita ku sekondale ndi awiri. Anatchula mnyamata wina, n'kutchulanso mnyamata wina, n'kupinda pepala. Mayi wa mmodzi wa anyamatawo anayamba nthungululu, koma anaidula pakati ataona nkhope za anzake. Pamenepo amayi anaimirira, anadutsa pakati pa anthu, n'kukamugwira mayiyo dzanja ndi manja awiri. Anamuuza kuti aimbe ndithu, mwana wake wagwira ntchito. Pobwerera amayi ankayenda patsogolo, msana uli chilili, ndipo misozi ndinaiona pamene tinafika m'nthochi mokha.

Atate anapitirira kudimba, ine ndili pambuyo pawo. Tinawapeza a Sesiliya ali pakati pa mizere, mapazi ali matope okhaokha. Atate anaima kumapeto kwa mzere n'kuvula chipewa, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo akuchitira mwana.

"Wakhoza, mwana wanga. Koma dzina silinatuluke."

Achemwali anapitiriza kuthirira mpaka kheni inatha madzi, n'kuikhazika pansi pang'onopang'ono. Atate anadikira, kenaka anafunsa, "Ndisanakumane ndi amalume ako, ndiuze. Mtima wako uli pati?"

"Uli kusukulu, atate," anayankha akuyang'ana pansi. "Koma kubwereza ndatopa nako. Ana amene ndinkawabereka kumsana andipeza m'kalasi."

Atate anagwedeza mutu, anatola kheni ija, n'kumaliza okha mizere yotsala.

Amalume anabwera Lamulungu lotsatira. Anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, amayi atakhala pamphasa chapatali pang'ono, ndipo ine sanandithamangitse chifukwa ndinali nditanyamula mwana wathu wamng'ono. Amalume analankhula mofatsa. Anati apepesa pa zimene zachitika, koma mawu anapanganidwa, ndipo a kuchimuna akudikira yankho. Atate anayankha, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ine ndine mkamwini, ndikudziwa. Ana ndi anu. Koma mwanayo ndamufunsa, ndipo akuti akufuna sukulu. Ku Linthipe kuli sukulu ya makalata, amalandira amene akhoza koma sanasankhidwe. Ngati ndalakwa, nyumba ndi iyo, dimba ndi ilo, ine ndinabwera kuno ndi khasu lokha. Koma mawu oti akwatiwe chaka chino satuluka pakamwa panga."

Nkhope ya amalume inasintha. Anati chiyambire sanaonepo mlendo akulamula mbumba ya eni, ndipo ngati atate atopa ndi mudzi uno, njira yobwererera kwawo sinamere udzu. Ine ndinkayang'ana chipewa chija. Chinkanjenjemera m'manja mwa atate, mlaza wake ukuchita phokoso laling'ono. Amayi anasendera pafupi chogwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga mwa mwambo.

"Achimwene, inu ndinu mwandilera, sindinakutsutsenipo. Koma awa akachoka, mudzandipeza ndapinda mphasa ndikuwatsata."

Amalume anaimirira, anatenga ndodo yawo, n'kuchoka osadya. M'mawa mwake amayi anatsitsa mtanga wa nyemba uja, anausenza, n'kukaubweza okha kwa eni ake ndi mawu opepesa.

Atate sanathamangitsidwe, koma nkhaniyo sinathe chabe. Amalume anatilanda munda wakumtunda umene anatibwereka kalekale, ndipo chaka chotsatira chimanga chathu chinatha mvula isanakate. Tinkadya kachewere wowiritsa m'mawa ndi madzulo mpaka fungo lake linatikola. Pazochitika za m'mudzi atate ankakhazikidwa kumapeto, ndipo amayi ena ankaseka pachitsime kuti kwa a Damiano akulera nduna. Amalume anatha miyezi yambiri osaponda pakhomo pathu.

A Sesiliya ananyamuka mvula yoyamba itagwa, dothi likununkha, inswa zikuuluka. Ku Linthipe kunali a Jafali, Msilamu wa golosale amene ankagula kachewere wa atate, ndipo akazi awo anavomera kuwasunga achemwali ngati mwana wawo. Anangopempha kuti azithandiza kuphika ndi kusesa, ndipo Lamulungu ankawadzutsa okha kuti asachedwe ku Misa. Atate anasenza thumba la ufa, amayi anamanga nyemba ndi bulangete m'chitenje, ndipo ine ndinaperekeza mpaka pamlatho. Sukuluyo inali ya masana, m'makalasi obwereka, mabuku ochepa, mphunzitsi mmodzi pa maphunziro ambiri. Achemwali anavutika nayo, koma anakhoza mayeso a Folomu 2, napita kukaphunzira zauphunzitsi. Atabwerera kudzaphunzitsa kufupi ndi kwathu, amalume, atakalamba tsopano, ndiwo anayamba kuwaitana kuti "aphunzitsi" pamaso pa anthu, ndipo sankanena monyoza.

Ndili mwana ndinkanyadira kuti atate anga saopa munthu. Ndinkauza anzanga kusukulu mmene anawayankhira amalume, ndikukweza mawu kuposa mmene iwo anakwezera. Za kunjenjemera kwa chipewa ndinkaganiza kuti inali mphepo, ngakhale tsikulo kunalibe ndi kamphepo komwe. Ndinadziwa nditakula kuti kwawo kwa atate kunalibe kobwerera. Makolo awo anali atamwalira, minda itagawidwa kwa ana a alongo awo, ndipo akanathamangitsidwa akanakhala munthu wogona m'makonde a eni. Amayi nawonso ankadziwa zimenezo pamene ankanena zopinda mphasa. Lero ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo chaka chimenecho, ndipo ndikakumbukira anthu awiri aja pansi pa pichesi, ndimaona kuti ankaopa kwambiri, koma analankhulabe.