Yemwe Anaotcha Mwana

Mwana wanga wachiwiri ali ndi chipsera pamkono wakumanja, kuyambira pachigongono kutsikira mmunsi. Aliyense kulaini kwathu, pa esiteti ya tiyi pomwe tinkakhala, ankadziwa kuti anamuotcha ndi mlongo wake wa zaka zinayi. Ankadziwa chifukwa ndine ndinawauza. Linali bodza.

Munali mu Juni, chiperoni chitagwira masiku atatu osaona dzuwa. Ife othyola tiyi nyengo ya mvula yokha ntchito inali itatithera, choncho ndinkangokhala pakhomo ndi ana. Bambo awo ankagwira kufakitale ndipo tsikulo ankaweruka masana. Ndinalowetsa mbaula m'nyumba chifukwa cha kuzizira, n'kuterekapo ketulo kuti akamafika apeze tiyi wotentha. Khandalo linali ndi miyezi isanu ndi inayi, litangodziwa kukwawa, ndipo linkakwawa ngati alituma.

Kenaka pampopi panabuka ndewu. Ine ndili ndi nthenda imene sindinaipezere mankhwala mpaka lero: ndikamva phokoso la anthu, miyendo imanyamuka yokha. Anali amayi awiri olimbirana kapitawo wina wamfupi, munthu woti ngakhale mutandipatsa ulere sindingamutenge. Chichewa chinali chitawachepera, tsopano ankalalatirana mu Chilomwe.

"Umuone mwana, ndikubwera pompano," ndinamuuza mtsikana wangayo.

Pompano wanga anatalika. Ndinaima kutsogolo kwenikweni, chitenje ndafunda kumutu, ndikuseka mpaka misozi. Kukuwa kwa kunyumba kwanga anayamba kukumva ndi mayi wina amene anaima pambali panga.

Ndinapeza ketulo ili pansi, madzi ali nthunzi tolotolo pasimenti. Mtsikanayo anali atamukokera mlongo wake kukona, atamukumbatira, onse awiri akulira.

"Amama, wakoka yekha. Ndimamuletsa, wakoka yekha."

Mawu amenewa ndinawamva bwinobwino. Sindinganame kuti anandipita.

Amayi a pampopi aja anadzaza nyumba. Wina ankati tiswerepo dzira, wina mankhwala otsukira mano. Mayi wina wachikulire sanafunse munthu, anangogwira kamkonoko n'kumakathira madzi ozizira mpaka kabaza anafika. Tinapita kukiliniki ya pa esiteti, ine ndi khanda pakaliyala, mtsikanayo akubwera pambuyo ndi aneba.

Bambo awo anatipeza komweko, ovololo ili mbuu ndi fumbi la tiyi. Anayang'ana bandeji, kenaka anayang'ana ine. Anesi anali pomwepo, pabenchi pali amayi ena odikira.

"Mayi a mwana, inu munali kuti?" anandifunsa amuna angawo.

Sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanapeza poyambira ndewu. Ndinachita mantha, osati ndi dzanja lawo, poti si munthu womenya, koma ndi manyazi oti anthu onsewo amve kuti mayi wa ana awiri anasiya khanda pambali pa moto kukaonerera ndewu.

"Ndinali kuseri, ndimaanula zovala," ndinatero. "Ndi uyu wakoka ketulo. Akuti amafuna akuthirireni tiyi."

Mtsikanayo anandiyang'ana, n'kutsegula pakamwa. Ndinamuponyera diso lija amayi tonse timalidziwa, ndipo anatseka. Bambo ake ananjuta patsogolo pake.

"Kuyambira lero usamugwirenso mwana. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Ndinadziuza kuti mwana wa zaka zinayi sachedwa kuiwala, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Amayi a pampopi sanandiulule kuti ndinali nawo, poti ambiri a iwo anasiyanso miphika pamoto tsiku limenelo. Koma za amene anakoka ketulo sanazione, ndiye anatenga zomwe ndinawauza. Ndinaifotokoza nkhaniyo kutchalitchi, kumsika ku Luchenza, kwa apongozi atabwera kudzazonda mwana. Ulendo uliwonse inkasalala. Ndinafika pomaifotokoza ndi chisoni chenicheni, ndikupukusa mutu, mwini wake ali chapompo akusewera ndi zitsekero za mabotolo. Amati choipa chitsata mwini, koma m'nyumba mwanga chinatsata mwana.

Kale mtsikanayu ankandivuta tsiku ndi tsiku kuti ndimuberekese mlongo wake kumbuyo, ngakhale miyendo ya khandalo inkamufika m'mawondo. Phala ankalimbirana nane sipuni. Zonsezo zinatha. Khanda likamukwawira, iye ankaika manja kumbuyo n'kusuntha. Likalira ine ndili kubafa, ankaima pakhomo n'kumaitana, "Amama, mwana wanu akulira." Poyamba ankati mwana wathu.

Ndinkaziona. Ndinkangoti mawa ndilankhula naye, mawa n'kukhala mawa linanso. Bala linapola, mano awiri akumwamba anatuluka, kusikelo anesi ankayamikira kuti mwana akukwera bwino. Ine ndinkalandira mayamikowo.

Tsiku lina aphunzitsi a kumkombaphala anandiimitsa pokamutenga. Anati anzake onse amabereka zidole za zitsononkho, koma iye amakana. Atamufunsa chifukwa, anayankha kuti iye amaotcha ana.

"Mwina mumukhazike pansi, mayi," anatero aphunzitsiwo. "Zinachitika mwangozi, asamadzione choncho."

Ndinavomera ndi mutu, n'kuwathokoza chifukwa cha malangizo. Pobwerera, njira yonse ya m'minda ya tiyi, sindinathe kumuyang'ana mwana wanga kumaso. Ndinamugulira chigumu. Tsikulo ndinalekera pomwepo, pa chigumu.

Mvula yoyamba itagwa, tiyi anaphukira ndipo anatiitananso kuntchito. Lamulungu lina titabwera kutchalitchi tinakhala pakhonde tonse anayi. Bambo awo ankasoka nsapato, ine ndinkasadzula chisoso. Khanda linagwira dengu langa lothyolera tiyi n'kuimirira, monga linkachitira masiku amenewo. Koma ulendo uno linataya dengulo. Linaima palokha, miyendo ikunjenjemera, likuseka. Silinayang'ane ine kapena bambo ake. Linatambasulira manja kwa mlongo wake.

Phazi loyamba. Lachiwiri. Bambo ake anasiya nsapato. Lachitatu linali lodzandira, thupi lonse litapendekera kutsogolo, poti linkadziwa kuti pali womuwakha. Mtsikanayo anaika manja kumbuyo n'kubwerera m'mbuyo. Mwana anagwa chafufumimba pasimenti, mlomo n'kung'ambika.

Ndinamunyamula. Bambo ake anatembenukira mtsikanayo.

"Iwe, bwanji sunamuwakhe mlongo wako?"

"Munandiletsa, ababa," anayankha. "Ine ndimapweteka mwana."

Sanalire. Ananena ngati mmene amanenera dzina lake kusukulu. Apo m'pamene zinandikanika. Ndinaulula zonse pakhonde pomwepo, khanda likulira paphewa: za ndewu ya pampopi, za zovala zimene sindinaanule, za mawu amene mwanayu anandiuza nditangolowa m'nyumba. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto, singano ili m'manja.

"Miyezi isanu," anatero. "Mwandisiya miyezi isanu ndikumuyang'ana mwana wanga ndi diso lina."

Anandilanda khanda n'kulowa nalo m'nyumba kukalitsuka mlomo. Ndinatsala ndi mtsikanayo. Ndinagwada pansi, ine mayi ake, n'kumugwira mapewa.

"Tamvera, mwanawe. Ketulo ija sunakoke ndiwe. Mwana anakoka yekha, iwe unamuchotsa pamadzi. Wolakwa ndine, ndinakusiyani nokha. Ndinanama kwa ababa ako."

Ndinkayembekeza kuti akwiya, kapena asangalala, kapena athamangira m'nyumba kukanyamula mlongo wake. Anapukusa mutu.

"Ayi, amama, ndine. Ndikukumbukira. Ndimafuna ndithire tiyi wa ababa m'kapu yofiira ija, ndiye ketulo inalemera."

Za kapu yofiira sindinauzepo munthu. Anali atazionjezera yekha, kuti nkhani ya amayi ake ikwane bwino. Ndinabwereza kawiri, katatu, kuti sizinali choncho, mpaka mawu anandithera ndipo ndinayamba kulira. Iye anatulutsa dzanja limodzi kumbuyo kuja n'kundipukuta kumaso.

"Musalire, amama," anatero. "Sindidzachitanso."