Buku la ba Esinati lomwe ndinanama kuti ndawerenga

Ine munthu akandipatsa chinthu, ndimayamba ndadzifunsa kuti akufunanji. Titangoika maliro a mnzanga ba Esinati, amene tinkagulitsa limodzi tomato pamsika wa Maramba, ba Daka, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu, anandipatsa buku lonena za imfa. Mumtima ndinati, amayi tilipo ambiri, bwanji asankha ine? Andiona kuti wotsatira ndine? Ndinalikulunga m'chitenje osalitsegula, n'kuliponya pamwamba pa kabati. Mwezi umenewo za imfa zinali zitandikwana.

Lachinayi lina titaweruka kumapemphero, ba Daka anandigwira mkono.

"Ambuya, buku lija mwawerenga?"

"Lonse," ndinatero, maso ali gwa. "Mutu womaliza ndiye wandilimbitsa mtima."

Ndinafika mpaka pogwira pachifuwa ngati munthu wokhudzidwa zedi.

"Nanga zimene anakulemberani ba Esinati patsamba loyamba? Paja ni buku lawo, anati tikupatseni inu."

"Ee, zija," ndinatero, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chomwe ndinalibe.

Ndinafika kunyumba thukuta lili kamukamu, n'kukwera pampando kuti nditsitse buku lija, ine wa mawondo ovutawa. Patsamba loyambalo panali zilembo zopendekeka zija za ba Esinati: "Amake Tiza, musathamangire kuwerenga. Ine ndinafika tsamba lachisanu n'kugona."

Ndinaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo inapitiriza yokha.

Tsopano ndaliyamba, tsamba limodzi patsiku, pomwe mtima ukulolera. Vuto n'lakuti ba Daka alengeza kale kuti Lachinayi likubwerali ndidzafotokozera amayi onse mutu womaliza.